Besi Imene Ndinapanga Podikira Kusudzulidwa

Mkazi wanga anamwalira chimanga chikumasula. Tinali titakhala limodzi zaka zisanu ndi chimodzi m'mudzi wa kwawo, kunsi kwa phiri la Michesi, kumene ine ndinali mkamwini, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zinayi. Titameta, amalume ake a malemuwo, amene anali eni mbumba, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mundawu munalima ndinu," anatero. "Simungachoke mbewu zili m'munda. Dikirani tikolole, kenaka tidzaitana ankhoswe tikusudzuleni, mubwerere kwanu bwinobwino."

Ndinavomera. Akanati ndinyamuke tsiku lomwelo ndikanavomeranso.

Ntchito yanga inali yokonza njinga. Ndinali ndi kashedi kaudzu pa Chiringa, m'mbali mwa msewu. M'mawa ndinkapalasa kupita kumeneko, kumata matchubu, kuwongola malimu, madzulo n'kubwerera. Mwanayo anasamukira kwa agogo ake tsiku la maliro ndipo sanabwerenso kudzagona kwathu. Apongozi anga aakazi ankasiya mbale pakhonde, kugogoda, n'kuchoka ndisanatuluke, poti ine ndi iwo sitinkayang'anizana. Kaya munali makaka, kaya kalongonda, ndinkadya zonse osamva kusiyana kwake. Anthu ankati ndine wolimba mtima. Sikunali kulimba. Ndinali ngati mwendo wochita dzanzi, umene ukautsina sumva kanthu.

Tsiku lina kushedi kunabwera mlamu wanga, mchimwene wake wamkulu wa malemuwo. Iye anakwatira m'mudzi woyandikana nafe, ndipo ndiye ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu. Njinga yake inali itathyoka pedulo. Ndikukonza, anayamba kukamba za msonkhano wa chipani umene unachitika pabwalo la mpira sabata yapitayo. Zinali zaka zija matipate atangobwera, pamene andale ankabwera ndi oimba pamwamba pa lole. Za ndalezo sanakumbuke n'chimodzi chomwe.

"Alamu, panali gitala ina yaitali khosi, ya nsambo zinayi zonenepa. Besi. Ikalira sumaimva ndi makutu ayi, umaimva muno." Anadzimenya pachifuwa. "Kwaya yathu ili ndi magitala awiri ndi ng'oma, koma nyimbo zimangoyandama. Inu manja anu amadziwa chitsulo. Simungatipangire?"

"Gitala sindinaigwirepo."

"Nanga njinga munabadwa nayo?"

Ndinamuuza kuti akafunse anyamata opanga babatoni, chija cha chikopa cha ng'ombe ndi nsambo imodzi. Anapukusa mutu. Abusa anali atakana kale, akuti babatoni ndi ya kumowa. Iye ankafuna yeniyeni, yolumikiza ku sipika. Anatola sipoko najambula pansi, kenaka anajambulanso pakatoni ya shuga, natambasula manja kusonyeza kutalika kwake monga anakuonera ali m'chigulu cha anthu. Ndinati ndiyesa. Sindinkaifuna besiyo, komanso panalibe china chimene ndinkafuna.

Ndinayamba ndi bulugamu chifukwa ndi amene anali pafupi. Ndinasema khosi ndi chikwanje, kulisalaza ndi galasi la botolo. Mtengowo unali wauwisi. Pasanathe masabata awiri khosilo linapindika ngati chogwirira cha ambulera. Ndinaliponya pa nkhuni za apongozi.

Thabwa louma ndiponso lolimba linalipo limodzi lokha: chitseko cha kuchipinda kwathu, cha mlombwa, chimene ndinagula titangokwatirana. Chichokereni maliro ndinkagona pabalaza, choncho sichinkagwira ntchito. Loweruka lina masana ndinamasula mahinjesi ake n'kuchitulutsa panja. Ndili mkati mocheka ndinamva mawu a apongozi kuseri kwa mpanda waudzu.

"Apongozi, chimene mukuchekacho ndi chitseko?"

"Eya, amayi."

"Cha kuchipinda?"

"Eya. Ndikufuna thabwa."

Ndinkaona mapazi awo okha kunsi kwa mpandawo.

"Chekani," anatero. "Ndinamutuma ndine mlamu wanuyo kuti akupezereni chochita. Munkangokhala pakhondepo kuyang'ana phiri mpaka kuopsa ana. Koma sindinadziwe kuti muyambira chitseko."

Mapaziwo anachoka, ine n'kupitiriza kucheka.

Thupi ndi khosi ndinazilumikiza ndi mabawuti anayi. Zokungira nsambo ndinapanga kuchokera ku ma ekiselo a njinga, kuwaboola kumapeto kuti waya alowe, moti pokunga pankafunika sipanala. Nsambo ziwiri zopyapyala zinali waya wa buleki, zonenepazo waya wa kilatchi ya njinga yamoto. Zinkacheka zala mpaka magazi. Ndinkazindikira kuti ndachekeka ndikaona madontho pathabwa.

Tizitsulo topingasa pakhosi, timene umadinapo kuti mawu asinthe, ndinadula ku masipoko. Ndinatenga lula n'kuyeza mipata yofanana bwinobwino kuyambira pamwamba mpaka pansi, monga momwe munthu amayezera mizere ya m'munda. Mlamu atabwera anaika khutu pathabwa, nadina, naliza, nadinanso.

"Apa pali bwino. Apa yayamba kusochera. Kunoku ndiye sindikudziwa kuti tili kuti."

Anakatenga gitala yake naigoneka pafupi ndi yanga. Mipata ya pagitala yake inkacheperachepera kutsikira kumunsi. Gitala imeneyo inali itakhala m'shedi mwanga sabata yathunthu kuti ndizionera, ndipo ndinkaiyang'ana tsiku ndi tsiku, koma zimenezo sindinazione. Ndinazula tizitsulo tonse ndi pulayala, n'kutseka mizereyo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Tinayambiranso ndi makutu. Iye ankaimba liwu limodzi n'kuligwira, ine ndikusuntha sipoko pansi pa nsambo pang'onopang'ono, akagwedeza mutu ndiye ndilembe ndi pensulo. Zinatitengera masabata atatu, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Za mlongo wake sitinakambe ngakhale kamodzi.

Apa besiyo inali ndi maonekedwe koma mawu ake ankamveka kwa woigwira yekha. Za magetsi sindinkadziwa kanthu, choncho ndinainyamula kupita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi amene ankakhala pakhonde la golosale, kutsidya kwa msewu. Bamboyu anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo anzake atabwerera iye anatsala. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chilomwe, ndipo ankalankhula ali ndi kasikuluu pakamwa. Anaitembenuza besiyo, naigogoda ndi chala, nafunsa ngati ndili ndi dayinamo ya njinga yakufa. Ndinali nazo zitatu.

"Muchotsemo maginito. Muikulunge ndi waya uyu." Anandipatsa kathiransifoma ka wailesi yakale, kokhala ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi. "Muzungulize mpaka mutatopa. Mukatopa mupitirize. Akaduka, yambiraninso, osamanga mfundo."

Anaduka kawiri. Ndinazunguliza masiku anayi. Pa ntchito yonseyo imeneyi ndi imene inandiyenera, chifukwa sinkafuna kuganiza. Anthu ankabwera ndi njinga zawo, kudikira, ena kutopa n'kupita kwa mnzanga wokonza njinga kumsika. Ndinkawaona akuchoka, dzanja likuzungulirabe.

Za sipika tinakangana pang'ono. Bamboyo anali nazo ziwiri. Ina inali yaing'ono, yabwinobwino, yochokera mu wailesi ya kaseti. Ina inali yaikulu ngati lichero, yochokera m'nyumba yoonetsera mavidiyo, koma makoswe anali atadya pepala lake mbali imodzi. Mlamu ankafuna yaing'onoyo poti inali yosang'ambika.

"Kameneka kadzangotsokomola," anatero bamboyo. "Besi imakankha mphepo. Tengani yaikuluyi, mumate."

Onse awiri anandiyang'ana kuti ndigamule. Ndinaloza yaikuluyo chifukwa ndiyo inali pafupi ndi ine. Ndinaimata ndi thumba la shati yakale ndi solushoni womatira matchubu, n'kuikhoma m'bokosi la tiyi limene ndinalicheka bowo lozungulira. Chokuzira mawu chinali wailesi ya kaseti ya m'galimoto. Bamboyo anachotsa mawaya pa kamutu kowerenga tepi n'kuwalumikiza ku besi. Pomulipira, ine ndinamukonzera habu ya njinga yake. Batire inali ya tchalitchi, ya galimoto, imene ankakaitchajitsa kwa munthu wina wa sola.

Tinayesa masana, pakhonde la golosale lomwelo. Titangolumikiza batire, sipika inayamba kung'ung'udza ngati njuchi zili mu mphika, ndipo pansi pa kung'ung'udzako munkamveka munthu akuwerenga uthenga wa maliro pa wailesi, kutali kwambiri. Bamboyo anatukwana m'Chilomwe. Anakhoma msomali wautali m'dothi, nathirapo madzi, namangirira waya. Phokoso linachepa.

"Lizani."

Ndinakoka nsambo yonenepa kwambiri. Fumbi linagwa kuchokera kumalata. Mbuzi zimene zinagona pamthunzi zinadzuka n'kuthawa. Mayi wa m'golosale anatuluka atagwira pamtima, akuyesa kuti lole yagunda nyumba. Anthu anasonkhana, ena akupempha kuti ndibwereze. Bamboyo anaseka mpaka kasikuluu kanagwa, ndipo mlamu anandigwira mapewa akundigwedeza, maso ali ndi misozi. Ine ndinali nditamva kuti nsambo yachitatu ikukhudza kachitsulo kachisanu, ndipo ndinkaganiza kuti tupa ndinalisiya pati.

Tinakolola mwezi wotsatira. Chimanga chinachita bwino chaka chimenecho. Ndinakolola, kusenza, kuthira m'nkhokwe imene ndinkadziwa kuti sindidzadyamo.

Panalibe wina woti aimbe besiyo, choncho mlamu anandiphunzitsa malo atatu odina, nandiuza kuti ndiziyang'ana phazi lake. Lamulungu limene tinaiimba koyamba tchalitchi chinadzaza, ena ataima m'mawindo. Nyimbo yachiwiri inali imodzi mwa zimene anaimba pa maliro a mkazi wanga. Mlamu sanandichenjeze, mwina anaiwala, mwina ayi. Kumbali ya amayi kunayamba kumveka kusisima. Ine ndinkayang'ana phazi lija: likatsika ndikoke, likatsika kachinayi ndisunthe chala. Sindinalakwitse paliponse.

Titatuluka, ndikukulunga mawaya, mwana wanga anabwera n'kuima patsogolo panga. Anali atavala diresi limene sindinkalidziwa. Anayang'ana besiyo nthawi yaitali, kenaka analowetsa chala pa kabowo kamene kanali kumunsi kwa thupi lake, pamene kale panali loko.

"Ababa, ichi ndi chitseko chathu?"

"Eya."

"Nanga kuchipinda mukutseka ndi chiyani?"

"Sindikutseka."

Anagwedeza mutu ngati wamkulu. Agogo ake anamuitana ali chapatali, atatembenukira kumbali, ndipo anathamangira komweko.

Kusudzula kunachitika Loweruka lotsatira, m'mawa. Ankhoswe a kwathu anabwera awiri kuchokera ku Jenala. Amalume aja analankhula kuti ndinawasunga bwino malemu, kuti matenda sanachokere kwa ine, kuti ndine mfulu kukakwatira kwina. Mwana atsala ndi akuchikazi, monga mwa mwambo, koma ndizibwera kudzamuona nthawi ina iliyonse. Anagawa katundu. Ine ndinatenga njinga, zitsulo zanga, zovala, bulangeti limodzi ndi thumba la chimanga.

Besi ndiyo inavuta. Nkhoswe ina ya kwathu inati ndi yanga poti ndinapanga ndine. Amalumewo anati thabwa lake ndi la nyumba, ndipo nyumba ndi ya mbumba. Mawu anayamba kukwera. Anthu amene anagawana mapoto ndi mphasa mwamtendere anatsala pang'ono kutukwanana chifukwa cha chinthu chimene onsewo sankadziwa kuchigwira. Pomaliza anandifunsa ine.

"Itsale," ndinatero. "Popanda batire ndi sipika ndi thabwa chabe."

"Koma alamu, palibe wodziwa kuikunga," anatero mlamu wanga.

Ndinatulutsa sipanala m'thumba n'kumupatsa. Ndinamuonetsa kuti azimasula kaye nati yakunja asanapotokole, apo ayi waya aduka. Anabwereza kawiri ndikuona.

Apongozi aakazi anali atakhala kumbuyo kwa amayi ena. Mwambo utatha anadzuka, nabwera n'kundipatsa moni wa padzanja, kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo. Ndinaona kuti anali aafupi kuposa momwe ndinkaganizira, ndiponso kuti diso lawo lamanzere linali ndi ng'ala.

"Muyende bwino, bambo," anatero.

Mwanayo anali atapita kudambo ndi anzake. Anafuna kutuma munthu akamuitane, ine ndinati asavutike.

Ku Jenala tinafika dzuwa litapendeka, tikukankha njinga chifukwa thumba linkalemera. Mlongo wanga anali atasesa kanyumba kamene kale ankasungiramo nandolo, nayala mphasa. Anandifunsa ngati ndadya. Ndinayesa kukumbukira koma sindinathe, ndiye anangolowa kukhitchini.

Besiyo inaimba m'tchalitchi chija zaka zitatu. Mnyamata wina wa m'kwaya anaiphunzira mpaka kundiposa kutali. Inathyoka khosi itagwa pa matola, akupita kukaimba ku ukwati, ndipo mlamu anatumiza uthenga kuti ndipite ndikaione. Inali nthawi yobzala. Ndinayankha kuti ndidzabwera mvula ikadzadula, koma itadula anali atagula kale ina yakale kutauni, yofiira, yokhala ndi zokungira zenizeni.