Kansalu ka Kompyuta ya a Ngozo

Mukamadutsa pa Nsipe, kuseri kwa mashopu mumaona eriyo yonga minga ya nsomba itakwezedwa pa nsungwi yaitali. Ndi ya a Gibson Ngozo. Lero maso awo afooka, koma mukangotchula eriyoyo amakhala tsonga.

A Ngozo anapita ku Joni ngati bambo awo, koma mumgodi sanalowemo. Ankati pansi pa nthaka adzapitako kamodzi kokha. Anagwira ntchito m'shopu yokonza mawailesi, ndipo pobwerera kumudzi m'zaka za m'ma 1990, anzawo atanyamula njinga ndi mabulangete, iwo anasenza kompyuta yakale ndi madisiketi a pulogalamu yopangira maeriyo. Munthu ankaiuza kutalika kwa mawaya, iyo n'kuwerengera ngati eriyo yoteroyo ingakoke mawu.

Akazi awo, a Nanzunga, ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi. Chaka china kwayayo inajambulitsa nyimbo, ndipo uthenga unafika woti wailesi ina idzaiulutsa Lamulungu masana. Vuto linali lakuti kunyumba kwa a Ngozo wailesi imeneyo inkangosokosera, phiri litaitchinga.

"Bambo a Sungani, amayi onse ndawaitana kuti adzamvere kuno," anatero a Nanzunga. "Musandichititse manyazi."

"Nanzunga, munakwatiwa ndi injiniya. Inu konzani mipando basi."

Anayamba kulowetsa pulogalamu ija. Disiketi ina inakana. Anaiuzira mpweya, n'kuibwezamo, inalola. Kenaka kompyuta inadandaula kuti malo achepa, ndipo mowawidwa mtima anafufuta masewero awo a makhadi. Pulogalamu inayenda, koma makina akalewo ankawerengera mwaulesi, ntchito yotha m'mawa wonse. Choncho a Ngozo ankaisiya ikuwerengera, iwo n'kupalasa njinga kupita kushopu imene anatsegula atabwerako ku Joni. Pobwera ankaipeza itauma gwa, manambala ataima pakati panjira.

Anailowetsanso pulogalamuyo. Anasintha chingwe. Anakayikira magetsi. Chodabwitsa n'chakuti akakhala pambali pake inkagwira ntchito mokhulupirika, koma akangochoka inkafa.

"Ikukusowani," anatero a Nanzunga akusesa. "Mkazi wamng'ono safuna kusiyidwa yekha."

A Ngozo sanaseke. Lamulungu linali litayandikira, eriyo kulibe, ndipo amayi a kwaya anali atayamba kale kuwapatsa moni wa "a injiniya".

Lachisanu a Ngozo anaiwala magalasi kunyumba. Njinga inali itaphwa, ndiye anabwerera wapansi, popanda belu lolengeza kuti afika. Atalowa, anaima pakhomo. Kompyuta inali itavala kansalu kokhuthala koluka ndi ulusi, ka maluwa ofiira, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ataigwira, inali yotentha ngati ayironi.

A Nanzunga anatulukira, manja ali kumbuyo ngati mwana wa Sande sukulu.

"Munati tisaikhudze, ndiye ndimachotsa ndikamva belu lanu. Koma fumbi la pamsewuli, bambo! Wailesi ili ndi kake, kabati ili ndi kake. Iyi yokha ikhale yosavala?"

A Ngozo anayang'ana kansaluko. Anakumbukira kuti ulusiwo ndi umene akazi awo ankasungira juzi yawoyawo.

"N'kokongola, Nanzunga. Koma mwaitseka mphuno. Makina awa amapumira kumbuyo."

"Kumbuyo? Ii, zamanyazi! Ndiye mukanatiuza."

A Nanzunga anatenga lumo, n'kumasula ulusi moyang'anana ndi kafani kotulutsa mpweya wotentha kumbuyo kwa kompyutayo, n'kulukanso m'mphepete mwa bowolo kuti pasaoneke pong'ambika. Masana omwewo kompyuta inamaliza kuwerengera itavala. Loweruka a Ngozo anadula mawaya monga inawauzira, n'kukweza eriyo pa nsungwi.

Lamulungu amayi anadzaza nyumba mpaka pakhonde. Wailesi inatsokomola pang'ono, kenaka mawu a Nanzunga anatuluka oyera, akuyambitsa nyimbo. Mwini wake anabisa nkhope m'chitenje. Mayi wina anafuula kuti a alito achedwa kulowa, anzake n'kumutontholetsa. A Ngozo anali panja atagwira nsungwi kuti mphepo isaitembenuze, ndipo nyimbo yonse anaimvera pawindo.

Kompyutayo inafa kalekale, koma ili pathebulo pomwepo. A Nanzunga amachapa kansalu kake nthawi ya Pasaka, ndipo poivekanso amaonetsetsa kuti bowo lija lili kumbuyo.