Tchimo Limene Seshoni Inakana Kumva

Asibweni anabwera kudzafera kwawo. Sanabise, ndipo ifenso sitinavutike kufunsa, chifukwa munthu amene watha zaka zoposa makumi anayi kutsidya kwa nyanja sabwera ndi sutikesi imodzi ndi jumbo ya mankhwala kuti adzangoona abale. Kwathu ku Rumphi malume timati asibweni, ndipo awa anali mchimwene wa amayi anga, bere limodzi. Ndinakawachingamira pa Bolero ndi galimoto ya mnzanga wogula fodya. Mu minibasi munatsika nkhalamba yaitali, yowonda, jekete ili lendelende ngati yobwereka. Ndinagwada kuti ndiwapatse moni, iwo n'kundigwira chanza ngati takumana mu ofesi.

Ndinakula ndikumva za iwo. Anaphunzira kusukulu ya mishoni ku Khondowe, nzeru zawo zinawatengera kunja, ndipo kumeneko anakhala dokotala, koma osati wa odwala. Amayi ankati ndi dokotala wa kemisitiri. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, choncho ndinkati tidzacheza za mabotolo ndi maasidi, mwina n'kuphunzirako kanthu kokadabwitsa nako ana a fomu folo. Anandiseka. Anati chimalizireni sukulu sanagwirepo botolo la mu labu. Kemisitiri yawo inali ya masamu, pensulo ndi kompyuta, kuwerengera mmene maatomu amagwirirana ndi kutayana. Masamu amenewo ndiwo anawalowetsa kumalo a boma la dziko limene ankakhalalo, malo otchingidwa ndi mpanda, kumene amakonza mabomba a nyukiliya. Anatenga unzika wa kumeneko, nalumbira kuti zamkati sadzaulula. Zimene anandiuza n'zochepa: ntchito yawo inali kuwerengera kuti bomba likakhala zaka zambiri mosungiramo lisadzakanike kuphulika tsiku limene eni ake adzalifune.

Amayi za maatomu analibe nazo ntchito. Chimene chinawasowetsa mtendere n'china. Mu mpingo wathu, munthu amene sadya mgonero akamwalira, mpingo suyendetsa maliro ake. Kwaya siibwera, amayi a yunifolomu sachezera kuimba m'nyumba ya siwa, abusa salalikira. Asibweni anachoka kuno ali mkhristu wobatizidwa, koma anabwera opanda kalata ya mpingo uliwonse, ndipo anavomera okha kuti kunjako m'tchalitchi ankalowamo pa ukwati wa anzawo basi. Amayi anga aimba pa maliro a anthu kuyambira ndisanabadwe. Pagwe maliro ku Thazima, fumbi lili kobo kapena matope ali m'maondo, iwo yunifolomu asita kale. Ndiye kuti mchimwene wawo yemweyo akalowe m'manda kuli zii, chimenechi chinali chowalasa mtima.

Njira inalipo. Munthu amakaonekera ku seshoni, bwalo la abusa ndi akulu a mpingo, n'kuvomera cholakwa chake, kenako amabwezedwa pagome la mgonero. Nthawi zambiri amayamba walowanso kalasi miyezi ingapo, koma abusa athu, mnyamata wachifundo ndithu, anati poona matenda a asibweni za kalasi azisiya.

"Adumbu," anatero amayi, poti kwathu mlongo ndi mchimwene wake amaitanana choncho, "nkhani yake njochepa chomene. Mukangoti ndinalakwa, basi, zatha."

Ndinkayembekeza makani, chifukwa kubanja kwathu makani ndi chuma chimene tinagawana mofanana. Koma asibweni anavomera pomwepo. Anandipempha kuti ndiwasitire shati yoyera, anameta ndevu okha, ndipo tsiku limenelo anamaliza mbale ya phala. Anandiuza kuti akhala nthawi yaitali akufuna malo oti akanene. Amayi anaimba tsiku lonse akupeta chimanga, ndipo inenso ndinaganiza kuti zatheka.

Seshoni inakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa. Munthu wamba salowamo, koma ine anandilola chifukwa asibweni makutu anali atayamba kugontha, ndiye ndinakhala pambali pawo kuti ndizibwereza mafunso pakhutu. Olankhula kwenikweni anali atatu: abusa, mlembi wa seshoni amene anali mphunzitsi wamkulu wopuma, ndi mkulu wina amene kale anali msilikali. Atapemphera, abusa anati, "Yewo, adada. Mpingo ukumva."

Asibweni anaimirira atagwira phewa langa. Chitumbuka chawo chinali chitachita dzimbiri, moti ankasakaniza ndi Chichewa cha kusukulu, koma aliyense anamva.

"Ndagwira ntchito yokonza zida zopha anthu ochuluka nthawi imodzi. Palibe anandikakamiza. Ntchitoyo ndinkaikonda, chifukwa masamu ake anali okoma. Chimene ndabwera nacho n'chimenechi."

 Mlembi anali atatukula cholembera, koma sanalembe. Msilikali wakale uja ndiye anayamba.

"Adada, munaphapo munthu?"

Ndinabwereza pakhutu, ndipo funso lotere kulikuwa m'tchalitchi si chinthu chokoma.

"Ayi," anatero asibweni. "Mabomba amene ndinagwirapo sanaponyedwe pa anthu. Alipo mpaka lero, akudikira."

"Ndiye mlandu uli pati? Ine ndagwira mfuti zaka zambiri, lero ndine mkulu wa mpingo. Ntchito ya boma ndi ntchito ya boma."

Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Mlembi anamwetulira mwaulemu nati, "Adada, za ntchito yanu ife timanyadira chomene. Ana kusukulu timawauza za inu. Tiyeni tikambe zenizeni. Tinamva kuti kunjako munkamwa. Tinamvanso kuti banja lanu ndi mayi wachizungu uja linatha."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti akuluakuluwa anabwera atakonzeka kale. Mtchona aliyense amene anabwererapo kuno, wa ku Joni kaya wa ku Harare, machimo ake ndi omwewo, mowa ndi akazi. Amenewo amawadziwa kuwalandira, amadziwa ndi vesi lowerengapo. Iwo anangoona ngati nkhalamba ikuzungulira chifukwa cha manyazi, ndiye anati aithandize kufika pa nkhani.

Asibweni sanakane. Anati mowa ankamwadi. Anati mkazi wawo anachoka chifukwa anatopa kukhala ndi munthu amene sanganene chimene wachita tsiku lonse, ndipo anamwalira kale. "Koma si zimenezo ndabwerera," anatero.

"Tilembe kuti mwavomera mowa ndi kutha kwa banja," anatero mlembi, "ndipo Sabata likudzali mukhala pagome."

"Lembani chimene ndanena."

Abusa anafotokoza modekha kuti pa malamulo a mpingo palibe pamene pakunena za ntchito yotere, ndipo seshoni singalange kapena kukhululukira chinthu chimene sichinatchulidwe kuti ndi mlandu. Nkhaniyo iyenera kupita kubwalo lalikulu, limene linali kudzakumana mvula itagwa kale. Tonse m'chipindamo tinayang'ana manja owonda a asibweni, ndipo palibe anafunika kunena kuti sadzafikako.

Kenako asibweni analoza kudenga. "Malata awa ndinatumiza ndine. Ndalama yake inachokera ku ntchito imeneyo."

Zinali zoona, ndipo zinaononga zonse. Nkhope zinasintha. Kuvomera kuti ntchitoyo ndi tchimo kukanakhala kuvomera kuti mpingo wonse wakhala ukupemphera pansi pa tchimolo. Inenso zinandibaya, chifukwa fizi yanga ya kusekondale ndi ku koleji inachokera m'thumba lomwelo. Ndinakwiya nawo chifukwa chonena, ndinakwiyanso ndi akuluakulu chifukwa chosafuna kumva, ndipo sindinadziwe woyamba kumukalipira.

Abusa anayesa komaliza. "Adada, zamumtima Mulungu akuzidziwa. Vomerani chimene ife tingathe kulandira, chifukwa cha adumbu anu."

"Mukandikhululukira mowa, chinacho ndipita nacho kugome chili m'thumba," anatero asibweni. "Zaka zonsezi ndakhala pakati pa anthu ondiuza kuti palibe cholakwa. Ndinkayesa kuti kwathu kuno ndiye mundidzudzula."

Anathokoza, yewo chomene, ndipo tinatuluka. Kuchoka kutchalitchi kufika kunyumba ndi pafupi, koma tinapuma kangapo.

Amayi anatiyang'ana nkhope tili pachipata, nasiya lichero pansi. Nditawafotokozera sanalire. Anangoti, "Akanangovomera mowa." Masiku otsatira sanawalankhule asibweni, koma phala ankawamwetsa ndi supuni, zofunda ankachapa okha, ndipo sanalole munthu wina kuwatembenuza pabedi. Ankati kumeneko n'kunyada kwa anthu ophunzira, munthu mpaka tchimo lake afune likhale lalikulu kuposa la anzake. Sindikunama, mawu amenewo ndinaona kuti ali ndi mfundo. Ndinalowa kuchipinda n'kuwauza asibweni kuti maliro si a wakufa, ndi a otsala, ndipo amene adzamve manyazi ndi amayi, osati iwo.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Ankanditchula muphwa, ndiye kuti mwana wa mlongo wawo. "Muphwa," anatero, "zimene ukunenazo n'zoona. Koma moyo wanga wonse ndasaina zimene ena anandikonzera. Mlandu suola. Ndilole kamodzi kokha ndinene zanga."

Ndinatuluka nditamenyetsa chitseko, ndipo sitinakambenso za nkhaniyo. Masiku awo omaliza ankapempha wailesi. Akamva nkhani za nkhondo kumaiko akutali, atsogoleri akuopsezana ndi zida zomwezo, ankatseka maso n'kumamvetsera ngati munthu amene ali ndi mwana kumeneko. Anamwalira m'mawa wina mvula yoyamba isanagwe, amayi atawagwira mutu.

Anthu anabwera ochuluka, chifukwa wamwalira ndi dokotala. Magalimoto anachokera ku Mzuzu ndi ku Khondowe, ena a anthu amene sanawaonepo n'komwe. Amayi a mpingo anabwera ngati anansi, atavala zitenje wamba, nakhala pansi mozungulira amayi anga. Ndinali ndisanakhalepo m'nyumba ya siwa yopanda nyimbo. Munthu umamva chilichonse, kutsokomola, mwana kuyamwa, foni kulira m'chikwama cha wina. Mayi mmodzi anaiwala n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo, mnzake anamugwira bondo, nasiya.

Pa zolankhula, mlembi wa seshoni uja anaimirira m'malo mwa anthu a m'mudzi. Anati tataya mwana wa kuno amene anakweza dzina la Rumphi, amene maiko akuluakulu anamudalira poteteza mtendere. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ndinafuna kuimirira, koma azakhali anga anandikoka chitenje, ndipo ndinakhala pansi mano ali gwa. Popita kumanda kunkamveka mapazi okha. Mkulu wina anapemphera mwachidule, achinyamata anagwira mafosholo, ndipo dothi loyamba linamveka pa bokosi mpaka kumbuyo kwa gulu. Amayi anaima osagwedezeka, milomo atailuma.

Anthu atabalalika tsiku lotsatira, tinatsala awiri kuseri kwa nyumba tikutsuka mbale zobwereka. Amayi anali asanalankhule nane za maliro. Ali chiweramire pabeseni anandifunsa.

"Iwe umaphunzitsa zimenezi. Chinthu chimene ankakonza adumbu angacho, chimodzi chokha, chingaphe anthu angati?"

Pa anthu onse a ku seshoni, palibe anafunsa funso limenelo. Ndinawauza kuti nambala sindikuidziwa, koma chimodzi chikhoza kufafaniza mzinda woposa Mzuzu, msika, chipatala, masukulu ndi ana ali m'kalasi, ndipo otsala amadwala zaka zambiri. Ndinawauzanso kuti si chimodzi, n'zambiri, ndipo ntchito ya asibweni inali yoti chilichonse chisadzalephere.

Mbale inali m'manja mwawo, madzi akudontha m'zigongono. Ndinkaganiza kuti anenanso za mowa.

"Nanga tikanawaimbira nyimbo iti?" anatero.

 Anaika mbaleyo pathandala, napukuta manja pachitenje, n'kukhala pansi padothi pomwepo. Pamenepo m'pamene anayamba kulira mchimwene wawo.