Nambala Yosowa Malo Pamzere

Mayi Ida Namakhwa ankaphunzitsa masamu pasekondale ina ku Ntaja. Amuna awo, a Ganizani, ankapikula zitenje ku Mozambiki kudzera pa Nayuchi. Chilimwe china ananyamuka pa njinga yawo yakapalasa, osabwererakonso. Abale anafunsa m'midzi yonse ya m'malire, koma panalibe amene anawaona, wamoyo kaya mtembo. Maliro sanachitike.

Mayi Ida anapitiriza ntchito. Pophunzitsa mitundu ya manambala ankajambula mzere wautali pabolodi n'kumaika iliyonse pamalo pake: athunthu monga 3, ogawika monga theka, ndi ena oti ukayamba kuwalemba satha, ngati sikweyaluti ya 2. Tsiku lina Ramla, mtsikana wa Folomu 3, anafunsa ngati ilipo nambala yosowa malo pamzerewo.

"Ilipo," anatero Mayi Ida. "Sikweyaluti ya mainasi wani. Amati yongoganizira. Pamzerepa simungaipeze, koma akatswiri amawerengera nayo ndipo mayankho amatuluka olondola."

"Ndiye ilipo kapena kulibe, madamu?"

Nthawi ya phunziro inatha, Mayi Ida n'kuika choko pansi.

Atafika kunyumba masana omwewo, anapeza njinga ya a Ganizani itatsamira khoma pamthunzi wa mango. Anaizindikira ndi mphira wofiira womangira katundu. Matayala anali ndi matope aawisi, chonsecho mvula inali isanagwe. Anakhudza chishalo. Chinali chofunda. Anaitana amuna awo mpaka mawu kusasa, koma m'nyumba munali zii.

A Swaibu, oyandikana nawo nyumba, ankasoka nsapato pakhonde pawo.

"Wallahi, ndikulumbira madamu, chikhalireni pano sindinaone munthu akulowa pabwalopo."

Achibale anati njingayo igulitsidwe msanga. Mayi Ida anakana. Anailowetsa pabalaza, ndipo masiku ena pochokera kusukulu ankaipeza itatembenukira kukhomo. Amayi a kutchalitchi atawaitana ku gulu la amasiye, anayankha mofatsa kuti, "Iyayi, ine si wamasiye."

Atapuma pantchito, mwana wawo anawamangira nyumba ku Balaka, koma anakana kusamuka. Akadali ku Ntaja komweko, imvi zili mbuu. A kabaza amazemba njira yodutsa pakhomo pawo masana. Amati umamva belu la njinga likukupempha njira kumbuyo, iwe n'kupatuka, koma osaona wodutsa.