Masamba Omaliza Apita ku Bangwe

Ndinanyamuka ku Chilomoni m'mamawa, theka la buku lili m'jumbo. Ndinkapita ku Bangwe kwa a Zuze, amene anandiphunzitsa Chingerezi ku sekondale nthawi imene ndinkalemba tinkhani tanga, ndisanasiye n'kuyamba geni ya kaunjika. Maso awo anali atafa, ndipo mawa lake ana awo ankawatengera kumudzi ku Nsanje.

A Zuze anali ndi buku la mbiri ya munthu wina wa ku Amerika, mmodzi mwa oyambirira kulemba nkhani zazitali kumeneko. Analigula pamsika lilibe masamba omaliza, moti ukalamba unawapeza asakudziwa kuti munthuyo anathera pati. Ine ndinapeza lina kwa ogulitsa mabuku pansi m'tauni, lopanda chiyambi koma mathero ali bwinobwino.

Kufika m'tauni kondakitala anandidya wani sauzande, kupita ku Limbe inanso. Pasiteji ya ku Bangwe tinaphikidwa m'minibasi podikira kuti idzaze, ine n'kuyamba kuwerenga. Mayi wogulitsa mtedza amene ndinakhala naye analiyang'ana bukulo mwadyera.

"Asisi, lang'ambika kale limenelo. Tandigaireni ndizikulungira mtedza."

Apo ndinadziwa kumene masamba a aphunzitsi anapita. Ndinagula mtedza wa thu handiredi kuti tisadane, buku ndinalipana m'khwapa.

Minibasi inkajowa maenje, koma ine mtima unali kutali. Tangoganizani, zaka zoposa mazana awiri zapitazo, anthu a kwawo akungowerenga za ku Mangalande, munthu wa m'bukuyo anasiya maphunziro a zamalamulo kuti azilemba za nkhalango ndi miliri ya kwawo komweko. Ndinatengeka nazo moti ndinatsala pang'ono kupitirira siteji.

A Zuze ndinawapeza masana ali pakhonde, katundu atamangidwa kale m'matumba. Ndinawawerengera pang'onopang'ono, iwo atatchera khutu ngati ali ku Misa. Mlembi uja mabuku ake sanamulemeretse. Anadwala chifuwa chachikulu, n'kumwalira asanakwanitse zaka makumi anayi. Nditamaliza ndinachita mantha kuti ndawabweretsera chisoni cha paulendo.

A Zuze anafunsa ngati munthuyo anafika poleka kulemba. Ndinawauza kuti ayi, ankalembabe mpaka matenda atamugwetsa.

"Chifuwa chinamulephera ameneyo," anatero, akutembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga. "Nanga iwe, mwana wanga, chinakuleketsa n'chiyani?"

Njira yonse yobwerera ku Chilomoni ndinkafunafuna yankho.