Matayala Akumbuyo a Mkamwini wa Nemesio

Nemesio Oyarzo anabadwira pachilumba cha Chiloé, koma sanakhalitseko. Asanamere ndevu anatsikira kummwera kukameta nkhosa, kenako anacheka matabwa kuno ku Tolhuin mpaka macheka anamudya chala chapakati. Atachira anatsegula kashedi ka matayala m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo zaka makumi anayi zamuthera momwemo. Mkazi wake Herminia anamwalira, tsitsi linathothoka, msana unapindika, koma pakamwa pokha sipanakalambe.

Iye ankagawa anthu pawiri: odziwa msewu wa paphiri la Garibaldi, ndi zitsiru. Chomvetsa chisoni n'chakuti sankalakwitsa kawirikawiri. Meyi akangolowa, chipale chofewa n'kuyamba kugwa, akumpoto obwera kudzasaka ntchito ankafika pashedi ndi magalimoto awo onyezimira, chifuwa chili patsogolo.

"Iyi imakoka ndi matayala onse anayi, madala. Mungondiikira kutsogolo awiri a misomali yogwira pachipale, basi."

"Kukoka ikokadi," Nemesio ankayankha osadzuka pampando. "Nanga kuima, iima ndi chiyani? Ndi pemphero?"

Lamulo lake linali limodzi. Matayala anayi, onse a misomali, opyapyala kuti azidula chipale m'malo moyandama pamwamba, ndipo pamarimu achitsulo akuda, aang'ono, onyansa. Wofuna zokongola apite kwina. Ambiri ankapitadi kwina, ena mwa iwo tinkawaona atapachikidwa pagalimoto yokoka anzake, ndipo Nemesio ankawaimikira dzanja la zala zinayi lija ngati akupereka moni.

Ndiye taonani zimene moyo unamuchita munthuyu. Mwana wake yekhayo, Delfina, anakatola mwamuna wa ku Córdoba, dzina lake Facundo Bertolotti, wogulitsa mapoloti. Abale, munthu uja! Nsapato zopyapyala m'dziko la matope, mafuta onunkhira omveka asanatsike m'galimoto, ndipo galimotoyo ya marimu akuluakulu asiliva amene ankalipira anthu kuti aziwapukuta, pakuti mwiniwake kuwerama sankawerama. Chipale anali atachiona nyengo imodzi yokha, koma ankachifotokozera anthu amene anabadwira m'chipalemo.

Chaka chimenecho Delfina anali woyembekezera, ndipo mimba yake inali yovuta. Adokotala anati azikamuyeza kuchipatala cha ku Ushuaia milungu iwiri iliyonse mpaka Julayi. Njira ya ku Ushuaia ndi imodzi: kukwera Garibaldi, n'kutsika mbali inayo m'makona oundana, phompho lili pambali.

Facundo anabwera pashedi Lolemba, n'kupeza Nemesio akumwa tiyi wowawa wa yerba ndi mnzake Ulises Cárcamo, dalaivala wa malole wopuma ntchito.

"Apongozi, ndikufuna awiri a misomali kutsogolo. Koma marimu anga musawachotse."

Nemesio anayamwa tiyi ndi kapaipi kachitsulo mpaka chikho chinalira. "Akamwini, mukufuna galimoto kapena mukufuna kalilole?"

"Simukumvetsa. Magalimoto amakono ali ndi kompyuta. Tayala likaterereka, imadziwa yokha."

"Eya, idziwa. Idziwa kuti mukugwera m'phompho, ikuuzaninso ndi nthawi yake. Kutsogolo kukagwira kumbuyo kulibe kanthu, potsika matako a galimoto amakupitirirani, mumangoona kumene mwachokera. Koma ndikuuza ndani? Munthu amene bawuti saidziwa kuti imamasukira mbali iti."

Ulises anaseka mpaka kutsamwa. Apa Nemesio akanalekera pomwepo, koma ayi, anawonjezera za nsapato, za mafuta onunkhira, za mapoloti a m'dambo. Facundo anafiira makutu.

"Chabwino, madala. Kanthu kalikonse kochoka m'manja mwanu sikadzakhudza galimoto yanga. Ndikadzakapeza, ndidzakachotsa tsiku lomwelo."

Anapita ku Río Grande, kusitolo ina ya magalasi kumene amakupatsa chilichonse ungatchule, n'kubwera ndi matayala awiri a misomali kutsogolo. Kumbuyo kunatsala a m'chilimwe, osalala ngati mbale.

Nemesio anawaona matayalawo galimoto ikudutsa. Anali ndi mantha, mantha enieni, amene sanawamvepo chimwalirireni Herminia. Mlungu umenewo sanatukwane kasitomala ngakhale mmodzi, mpaka Ulises anamufunsa ngati akudwala. Kuseri kwa shedi anali atasunga matayala anayi opyapyala pamarimu akuda, ndipo tsiku lililonse ankayembekeza kuti mkamwini abwera kudzapepesa. Kupepesa kwake kuti? Amene anabwera ndi Delfina, wapansi, akupuma movutikira.

"Bambo, Lachinayi kumbuyo kunagwedezeka pakona yachiwiri. Iye akuti inali mphepo."

"Mphepo! Muuze abwere, matayala ndi awo ali apowo."

"Sabwera. Munamuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndipo zakuda zanuzo akangoziona azigubuduzira kunyanja. Inu mukufuna kupambana, kapena mukufuna ndifike?"

Tsiku lomwelo Nemesio anaimba foni, n'kuitanitsa chinthu chimene analumbira kuti sichidzalowa m'shedi mwake: matayala awiri otambalala, ofanana ndendende ndi a kutsogolo aja, okwana pamarimu asiliva. Atafika anawakhomera misomali yekha, umodziumodzi, akutukwana msomali uliwonse. Loweruka masana, Facundo ali pampando kuonera mpira, Delfina anati akukagula buledi, n'kupita ndi galimoto kushedi. Nemesio anaika jeke, anasintha akumbuyo onse awiri, anawapaka matope kuti asaoneke atsopano, ndipo anapukuta marimu aja ndi malaya ake kuti pasatsale chidindo cha chala.

"Sazindikira?" anafunsa Ulises, amene anagwirizira sipanala.

"Ameneyo? Ukhoza kumuikira mawilo a wilibala, angoti lero msewu ukugwedeza."

Ndipo sanazindikiredi. Munthu anayenda milungu itatu pamatayala ena osadziwa, tsiku lililonse akuzungulira galimoto kusirira marimu.

Kumapeto kwa Juni kunagwa mvula pamwamba pa chipale, usiku n'kuundana. M'mawa mwake linali tsiku la kuchipatala. Nemesio anatsegula shedi koma sanagwire ntchito. Anaima pakhomo maso ali kummwera, wailesi ikunena za magalimoto asanu amene anatuluka mumsewu potsika Garibaldi. Chikho chinazizira m'manja mwake.

Cha m'ma fili koloko galimoto ija inatulukira, n'kuima pakhomo penipeni pa shedi, hutala ili pii pii. M'shedi munali makasitomala atatu ndi Ulises. Facundo anatsika manja ali m'mwamba ngati wagoletsa chigoli. Delfina anatsika pang'onopang'ono mbali inayo, wathunthu, atagwira mimba yake.

"Apongozi! Asanu m'ngalande, ndawawerenga ndekha. Ine ndadutsa osagwedezeka ngakhale pang'ono. Misomali kutsogolo kokha, monga ndinanenera! Paja munati chiyani za matako a galimoto?"

Ulises anatsegula pakamwa. Nemesio anamuponda phazi.

Mawu anali atafika kale palilime, okoma, akuthwa, okwanira kumuvula munthu uyu pamaso pa Tolhuin yense. Ankangofunika kuloza pansi ndi chala n'kunena kuti, akamwini, weramani kamodzi m'moyo wanu. Koma chitsiru ichi chinali chitsiru chosunga mawu ake, matayalawo chikanawachotsa tsiku lomwelo. Ndipo maulendo a ku Ushuaia anali atatsala awiri, kuphatikizapo womaliza uja, umene susankha tsiku.

"Nenanitu, madala," Facundo anakakamira, akuyang'ana makasitomala aja. "Anthu amve. Zaka makumi anayi mukunamiza anthu kuti agule anayi. Ndani analakwitsa?"

Nemesio anayang'ana mwana wake. Delfina sanamuthandize, anangomuyang'ananso, kudikira.

"Ndinalakwitsa ndine, akamwini."

"Sindinamve bwino."

"Ndati ndinalakwitsa. Galimoto yanu ndi yanzeru. Musaisinthe kanthu, muisiye momwe ililimu mpaka mwana abadwe."

Facundo anamusisita paphewa, n'kunyamuka akuimba mluzu. Mmodzi wa makasitomala aja, mnyamata wa ku Mendoza wokhala ndi mkazi ndi ana awiri m'galimoto, anakanda m'mutu.

"Ndiye madala, inenso mungondiikira awiri kutsogolo?"

Nemesio anadikira mpaka galimoto yasiliva itakhota pakona. Kenako anatola jeke.

"Anayi," anatero. "Ndipo usandifunse chifukwa."