Masikalopu a m'Tomato

Amuna anga anadya masikalopu koyamba kunyumba kwa mphunzitsi wawo ku South Bend, kuno ku America, kumene ankachita maphunziro. Anabwerako akusimba lokoma, pakamwa osatseka. Ine ndinali ndisanawaonepo. Anandifotokozera kuti ndi kanyama koyera, kobulungira, kamene kamakhala m'chigoba kunyanja ya mchere.

"Ndiye kuti mwakadya nkhono, Bambo? Sukulu yonseyi?" ndinatero. Iwo anangoseka.

Tsiku lokumbukira ukwati wathu litafika ndinakwera basi m'chisanu kukagula kapaketi, kuti ndiwadzidzimutse. Kaphikidwe kake sindinafunse munthu. Ndifunsirenji, ine amene ndinayamba kugwira mthiko ndisanathe msinkhu? Ndiwo ndi ndiwo. Ndinakazinga anyezi, ndinaika tomato, ndinaponyamo masikalopu aja, timadzi pang'ono, n'kuvundikira. Kwathu chinthu cha m'madzi chimafunika chipse mpaka wophikawe mtima ukhale pansi. Anabwata mpaka mpunga kupsa, ndipo ndinawasiyabe pamoto kuti ndisakayike. Anafota n'kutsala ngati mabatani a jekete. Nditalawa limodzi ndinamva ngati ndikutafuna labala, koma ndinangoti ndi mmene nkhono za azungu zimakhalira. Amuna anga anatafuna, natafuna, natafunabe. Atameza anati, "Zakoma, Mayi."

Basi, unasanduka mwambo. Tinasamukira ku Indianapolis, n'kupeza kanyumba ku Beech Grove, ine ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, iwo ku labu ya chipatala. Chaka chilichonse tsikulo likafika ndinkaphika masikalopu a m'tomato ndi mpunga, wa kilombero ngati wina wabwera nawo kuchokera kumudzi, apo ayi wa m'masitolo a mumsewu wa Lafayette. Mwana wathu wamkazi anakula nazo zimenezi. Ankawatchula kuti chingamu cha adadi.

Mwanayo ali ku koleji, amuna anga anawapeza ndi khansa ya pammero. Mankhwala anawawotcha kukhosi moti ngakhale madzi ankawameza atatsinzina. Dokotala anatiuza mosabisa kuti akapitiriza kuwonda adzawaika chubu chodyera pamimba, ndipo iwo chubucho ankachiopa kuposa matendawo. Ntchito yanga inakhala imodzi, kuti adye. Ndinaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, therere, nthochi zokanya. Amayi a kumpingo ankabwera ndi mapoto. Zonse zinkabwerera kukhitchini mmene zinapitira, ndipo ine ndinkapsa mtima, mwina ndi iwo, mwina ndi potoyo. Okalamba a eni ake ndinkawadyetsa kuntchito mpaka mbale mbee, wanga yemwe kundikanika.

Loweruka lina masana, kunja kuli mbuu ndi chipale chofewa, anandiitana.

"Mayi, ndikufuna masikalopu ndi mpunga."

Kwathu wodwala akatchula yekha chakudya chimene akuchilakalaka, sumukaniza. Koma aliyense amadziwanso zimene akuluakulu amanong'onezana panja, kuti ameneyo akutsanzika. Bambo anga ondibereka anapempha mbatata yootcha, anadya bwinobwino, ndipo sabata siinathe.

"Ukwati wathu si mwezi uno," ndinawayankha mokalipa.

"Ndapempha ndiwo, Mayi. Sindinapemphe bokosi."

Ndinapita kukagula. Ndinalirira m'galimoto, pamalo oimika magalimoto pasitolo paja, mpaka magalasi kuchita nthunzi. Pobwera ndinapeza akokera mpando kukhitchini, afunda bulangete, mutu uli wosalala ngati dzira. Ndinateleka mpunga, ndinauthira madzi ambiri kuti ufewe. Nditatambasula dzanja kuti nditenge tomato, anati, "Tomatoyo mubweze mufiriji."

Ndinawayang'ana.

"Muwapukute kaye ndi pepala, aume. Chiwaya chitenthe kwambiri, timafuta pang'ono. Mukaika, musawagwiregwire. Akafiira kunsi mutembenuze kamodzi, kenako muphule."

"Aawisi? Mukufuna anthu adzati ndakuphani ndine? Adokotala aja anati chiyani za zosapsa?"

"Amapsa, Mayi. Sachedwa. Mukawaboila nthawi yaitali m'pamene amalimba."

"Mwazidziwa liti zimenezi?"

"Tsiku lomwe lija, ku South Bend. Ndinaima m'khitchini akuphika."

Ndinakhala pansi, chopukutira chili m'manja. "Ndiye zaka zonsezi?"

"Munayenda pabasi m'chisanu chija kukawafuna. Munavala diresi yanu yobiriwira. Ndikanati chiyani? Chaka chachiwiri ndinaona kuti ndachedwa kale." Anafuna kuseka koma chifuwa chinawatsamwitsa. "Kungoti lero mmerowu sungathenso ulemu umenewo."

Ndinakwiya, ndinaseka, misozi ili chuchuchu, zonse nthawi imodzi. Ndinawauza kuti ndi munthu wabodza, ndipo akachira tikambirana. Anavomera kuti akudikira mlanduwo.

Ndinaphika mmene ananenera. Dzanja linkandiyabwa kufuna kuthira madzi n'kuvundikira, ndipo ndisaname, ndinawonjezerako kanthawi pang'ono iwo akuyang'ana kumbali. Masikalopuwo anatuluka ofiirira pamwamba, oyera mkati, ofewa moti supuni inkadula yokha. Fungo lake linali lachilendo m'nyumba mwanga momwe. Ndinawaikira pambali pa mpunga, ine n'kuima chapafupi ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

Anadula sikalopu limodzi pakati. Anaika theka mkamwa ndi timpunga, analisunga pamenepo kanthawi, kenako anameza atatsinzina, dzanja litagwira m'mphepete mwa tebulo. Misozi ya ululu inatsika yokha. Atapuma anati, "Zakoma, Mayi." Mawu ake omwe aja, kanenedwe kake komwe kaja. Mpaka lero sindidziwa kuti ndikhulupirire ati. Theka linalo linazizirira m'mbale.

Sabata yotsatira anawaika chubu chija. Sanadyenso kanthu ndi pakamwa. Anatisiya mitengo itayamba kuphuka, anthu a ku Speedway, dera lina la Indianapolis, akukonzekera mpikisano wawo wa magalimoto, mzinda wonse uli pikitipikiti ngati palibe chachitika.

Tsiku la ukwati wathu litafikanso, mwana wanga anachoka kusukulu n'kubwera kuti ndisakhale ndekha. Ndinaphika mpunga. Ndinapukuta masikalopu ndi pepala, ndinatenthetsa chiwaya, ndinatembenuza kamodzi. Anatuluka bwino kuposa tsiku lija, ndipo zimenezo zinandiwawa.

Mwanayo analawa n'kuika foloko pansi. Iye Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo m'Chingerezimo anandiuza kuti awa si a adadi. Adadi ankakonda a m'tomato, olimba aja. Anandifunsa kuti ndasinthiranji, chaka choyamba chomwechi chitisiyireni.

M'malo momuuza zoona, ndinatenga mbale zonse ziwiri n'kubwerera nazo kukhitchini. Ndinadula anyezi, ndinadula tomato, ndinaponyamo masikalopu okazinga kale aja, timadzi pang'ono, n'kuvundikira. Tinakhala kumvera poto akubwata, mpunga ukuzizira patebulo, mpaka anafota n'kutsala ngati mabatani.

Tinatafuna, tinatafunabe. Kenako mwana uja anadzutsa mutu, nati m'Chichewa chake chopindikacho, "Zakoma, Mami."

Ndinangogwedeza mutu, chifukwa langa linali lisanatheke kumeza.