Kapu sindinaizondotse

Lero m'kashopu ka ku Highfields ndaona tiyi wobiriwira uja munkakonda. Bambo, anzanga a kuntchito ankakudziwani ngati nkhalamba yovuta kusambitsa, koma kwanu ku Afghanistan munali bwanamkubwa wa chigawo chonse, mpaka pamene boma linagwa inu n'kuthawira kuno ku Leicester. Ndakumbuka tsiku loyamba lomwe ndinabwera kunyumba kwanu kudzakusamalirani. Munandithirira tiyi, ndinamwa. Munathiranso, ine n'kumwanso, poti kwathu ku Ntcheu kukana cha munthu wamkulu ndi mwano. Mimba inachita kuti ndii, basi yopita ku shifiti ina n'kundisiya. M'pamene munaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, kwathu ukakhuta umazondotsa kapu. Ine ndimayesa ukadali ndi ludzu."

Kenako nkhope yanu inagwa. Munandiuza za akuluakulu a mafuko awiri omwe ankalimbirana madzi a mumtsinje, mbali iliyonse ili ndi mfuti zochokera ku mayiko oyandikana nanu. Munati ntchito yanu yaikulu inali kuthira tiyi, chifukwa makapu akakhala chiimire anthu ankapitiriza kulankhulana. "Tsiku lomwe onse anazondotsa," munatero, "ndinadziwa kuti ana a anthu afa." Munkalakalaka kukagona pafupi ndi manda a mayi anu, koma mutamwalira tinakuikani m'dothi lozizira la kuno. Tiyi uja ndagula, ndamwa ndekha. Kapu sindinaizondotse, bambo. Tinali tisanamalize kucheza.